Chikwama cha Amama Chinalowa Khomo Lina

Kwathu ku Kambombo, m'boma la Chama, ndalama ya pa foni siiwerengedwa ngati mphatso. Imalowa mwakachetechete, mayi ako n'kukaitapa ku boma, n'kugula mchere ndi sopo, basi yatha, palibe mnansi waona. Mwana wokumbukira kwawo amadziwika ndi chikwama, chija chachikulu chamizeremizere, chofika masana pa njinga mudzi wonse ukuona. Chikapanda kufika chimenecho, ngakhale uzitumiza ndalama mwezi ndi mwezi, dzina lako ndi limodzi: mtchona. Ine nditatha zaka ziwiri ku Joni ndinamva kuti anthu ayamba kundimata dzina limeneli, ndipo linandiwawa, osati chifukwa cha ine koma chifukwa cha amama amene ankalimva pachitsime.

Ndinachoka kumudzi ukwati utandikanika. Tsiku lonyamuka amama anatenga chitenje chawo chakale cha kwaya, chobiriwira cha maluwa achikasu, n'kung'amba kansalu m'mphepete.

"Ukadzatuma katundu, umange aka pa chogwirira," anatero. "Zolembalemba ine sindiziona, koma nsalu yanga ndiidziwa."

Ndi mmene timachitira kwathu. Galimoto imatula katundu ku boma, a njinga n'kumunyamula kupita naye kumidzi, ndipo ambiri safunsa dzina, amangofunsa mwini nsalu. Kansaluko ndinakapinda n'kukaika m'pasipoti.

Ntchito ndinaipeza pa famu ya malalanje ku Limpopo, m'shedi yolongedzera. Malalanje ankabwera pa lamba osapuma, ife titaimirira uku ndi uku, kusankha, kuika m'makatoni, kumata sitika. Pofika madzulo miyendo inkakhala ngati ya munthu wina. Nyengo yozizira manja ankang'aluka, madzi a lalanje akalowa m'ming'alumo unkaitana amako. Mpaka lero munthu akandipatsa lalanje ndimathokoza bwinobwino n'kupatsa wina.

Koma ndisaname, tinkaseka. M'chipinda chathu tinali akazi asanu ndi atatu, sitovu imodzi. Mnzanga weniweni anali Esinati wa ku Mzimba ku Malawi. Iye akalankhula Chitumbuka chake, ine Chisenga changa, tinkamvana bwino moti tinkatha kumunena kapitawo ali pomwepo. Lamulungu tinkalukana tsitsi panja, tikuimba nyimbo za kutchalitchi, a ku Zimbabwe akulowetsamo mawu awo. Wina akadwala, ena tinkalongedza mwachangu kuti malo ake asaoneke kuti ndi opanda munthu.

Katundu wa amama ndinamugula pang'onopang'ono, n'kumakankhira kunsi kwa bedi. Mapoto atatu olowetsana, nyale ya sola, shuga, sopo, ndi bulangete lolemera lojambulidwa nkhope ya nyalugwe. Esinati ataliona anagwa nako kuseka.

"Iwe, si umati kwanu ku chigwa kumatentha mpaka nkhuku kuyasama? Ufuna kuwaphika amama ako?"

"Chikwama cha ku Joni chopanda bulangete unachionapo kuti?" ndinamufunsa. "Akafuna azingoliyanika pa chingwe anthu aziliona."

Chimene ndinachikonda koposa chinali nsapato zakuda zopitira kutchalitchi. Amama moyo wawo wonse ankaimba kwaya atavala patapata. Lamba wa nsapato yakumanzere anali wosalimba, ndiye ndinamusoka ndekha ndi ulusi wofiira umene tinkatsekera timatumba ta malalanje.

Wonyamula katundu anali a Zimba, bambo wa ku Lundazi wamimba yake ndi chiseko chomveka kutali. Ankazungulira ndi lole yawo m'mafamu ndi m'makomboni, kutolera zikwama za anthu a kwathu. Ndinalemba dzina la amama pa pepala n'kumata, kenako ndinamanga kansalu kaja pa chogwirira mfundo ziwiri. Nditafunsa za lisiti a Zimba anadzimenya pachifuwa.

"Lisiti ndine amene, mlongo wanga. Chama yonse indidziwa."

Amama sindinawauze. Ndinkafuna adzangoona njinga ikukhota pakhomo pawo. Umenewo unali uchitsiru wanga woyamba.

Mwezi unatha, ziii. Nditalephera kupirira ndinaimba foni.

"Amama, kwafika kalikonse uko?"



"Yayi, mwana wanga. Ine sindinalandire kanthu."

"Ndinatumiza chikwama, amama! Chachikulu, chili ndi kansalu kanu!"

"Usiye chabe. Usadzivute."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinamva ngati akunena kuti usadzivute kunama. Ndinakalirira kuseri kwa shedi, kenako ndinapukuta maso n'kuimbira a Zimba.

Pamenepo panayamba mlandu umene unatenga miyezi. A Zimba ankati iwo anafikitsa chikwama ku boma, anachitula pakhonde la sitolo pamene a njinga amatengera katundu. Pepala la dzina linachoka ndi mvula pamsewu wa Lundazi, koma kansalu kanalipo, anakaona ndi maso awo. Wa njinga amene ananyamula sankamukumbukira.

"Mlandu wanga unathera pa boma, mlongo wanga. Kuchoka apo ndi wa njinga."

"Ine wa njinga ndimudziwa? Ndinapatsa inu m'manja!"

"Manje katundu si wanunso, ngwa amama anu. Adandaule ndi iwo."

Koma amama sankadandaula, ndipo a Zimba ankadziwa zimenezo. M'chipinda mwathu nkhaniyi inasanduka ndiwo. Ena ankati mphatso ikachoka m'manja mwako si yakonso. Ena ankati si ya wolandira mpaka ataigwira. Kapitawo wathu wa m'shedi, mayi wachivenda, anandiuza kuti makatoni a pafamu amakhala a famu mpaka wogula atasaina, ndipo akasowa panjira woyankha ndi mwini lole. Anandifunsa ngati tinasainirana. Nditamuuza za kansalu anaseka mpaka anagwira tebulo. Esinati yekha anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mnzanga, wa pachala ngwa mphepo." Ndinamukwiyira tsiku lonse. Ndinalumbira kuti sinditumizanso chikwama china mpaka choyambacho chioneke, ndipo umenewo unali uchitsiru wanga wachiwiri, chifukwa kumudzi dzina lija linkangokhwima.

Malalanje atatha chaka chotsatira ndinapita kumudzi ndi kachikwama ka m'manja. Kunali kotentha kwadzaoneni. Amama anandilandira ndi nthungululu, koma pachitsime ndinaona mmene akazi ankayang'anira manja anga.

Lamulungu tinapita kutchalitchi. Kwaya ya amayi inalowa ikuvina pang'onopang'ono, onse atavala chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Apo m'pamene ndinakumbukira: chitenjecho anagula onse pa mpukutu umodzi kalekale, ine ndinali nditaiwaliratu. Amama anadutsa ndi patapata wawo. Pambuyo pawo panali a NyaLungu, mayi wamasiye wa tsidya la kamtsinje, amene mwana wawo yekhayo, Yotamu, anapita ku Joni ine ndikadali pasukulu ndipo sanamvekenso. Ndinayang'ana pansi. A NyaLungu anavala nsapato zakuda, yakumanzere yosokedwa ndi ulusi wofiira.

Ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse.

Titatuluka, ndisanakonze n'komwe chonena, a NyaLungu anandithamangira n'kundigwira manja onse awiri.

"Mwana wanga, wabwera! Yotamu unamuonako uko? Ali moyo, iwe! Ananditumizira chikwama!"

Anandikokera kunyumba kwawo ngati mbuzi. Anandionetsa mapoto anga, nyale yanga, ndi nyalugwe wanga atayalidwa pa bedi m'kutentha konseko. Anandisimbira mmene wa njinga anafikira amayi a kwaya ali pa kuphunzira nyimbo, n'kufunsa mwini nsalu. Iwonso, Yotamu ponyamuka, anamung'ambira kansalu pa chitenje chomwecho.

"Zaka zonsezi anakasunga, mwana wanga. Anthu ankati anafa, ena ankati anandiiwala. Ona nsapato, anakumbukira ngakhale phazi langa! Zinkandithina pang'ono poyamba, koma manje zazolowera."

Ndinali nditabwera ndi mawu odzaza m'kamwa. Ndinawameza onse. Ndinangoti, "Nzokongola, amama."

Kunyumba ndinapeza amama akusenda nshawa pansi pa mtengo wa mango. Sindinakhale n'komwe pansi.

"Amama, chikwama chija n'chathu."

"Ndidziwa."

"Mudziwa?"

"Ndinadziwa chisanatsike pa njinga. Kansalu kanga kali ndi popsa ndi simbi, ndinapaona. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma mnzanga anali atagwada kale m'fumbi, akuitana dzina la mwana wake. Ukanakhala iwe ukanatani? Ine ndinayambitsa nthungululu."

"Manje anthu akuti ndine mtchona!"

"Akutero. Ine akuti ndine make mtchona. Koma iwe Lamulungu lililonse ndimamva mawu ako pa foni. Uja anali ndi chiyani?" Anaponya nshawa m'lichero. "Shuga wako anandigawirako, usadandaule. Anali wabwino."

Ndinafuna kukwiya koma chinatuluka ndi chiseko, misozi ili mbwembwembwe. Chaka chonse ndinkatukwana a Zimba, wobisa katundu ali mayi anga ondibala.

Komabe nkhani sinathe. Nditawauza a Zimba pa foni kuti chikwama chaoneka, ulendo wawo wotsatira anakwera njinga yamoto kuchokera ku boma n'kubwera okha. Anakhala pa kampando pansi pa mango, chipewa chili pa bondo, thukuta lili kamukamu. Anati ndi okonzeka kupita kwa a NyaLungu kukatenga katundu, kapena kugula wina wofanana naye, nkhani ithe.

"Yambani mwandiuza," anatero amama. "Katundu uja ngwa ndani?"

"Ngwanu, amama," anayankha a Zimba.

"Ngwanga," ndinatero ine. "Simunamulandire."

"Iwe khala chete, unapatsa ine. Ngati ngwanga, wonena ndine. A Zimba, mlandu ngwanu. Mwana wanga sanapatse wa njinga, anapatsa inu. Wa njinga ndi dzanja lanu, ndipo dzanja likalakwa sitifunsa chala."

A Zimba anavomera ndi mutu. Ine chaka chonse ndinalephera kuwavomeretsa zimenezi, amama anangotenga mpweya umodzi.

"Koma bulangete sindilifuna. Chikwama chimene munasocheretsa chinakauza mayi uja kuti mwana wake ali moyo ndipo akumukumbuka. Chinanama m'dzina lanu. Manje pitani mukachite kuti chikhale choona. Mukamupeze Yotamu."

"Amama, Joni si Chama! Kuli anthu ngati nyerere!"

"Mwana wanga munamupeza m'tchire la malalanje pamene munkafuna katundu wake. Uyunso mumupeza."

Ndinabwerera ku famu nyengo ya malalanje itayandikira. Esinati nditamusimbira anakhala pansi, anadzuka, anakhalanso, kenako anakauza chipinda chonse, aliyense n'kuyamba kufunsa abale ake m'matauni. A Zimba nawo anachitadi zimene amama anawatuma. Pakhomo lililonse pamene ankatenga chikwama ankafunsa za mwamuna wa ku Kambombo, wamtali, wa mpata m'mano, woimba bwino. Chithunzi panalibe. Kawiri anandiimbira kuti amupeza, kawiri konse anali munthu wina, wachiwiriyo anali wa ku Mozambiki. Ine ndinayamba kuopa kuti tidzapeza manda, ndiye tikawauze chiyani a NyaLungu.

Lamulungu lina masana, tikulukana tsitsi, tinamva hutala. Lole ya a Zimba inaima pageti, iwo n'kutsika akuseka chiseko chawo chija. Mbali inayo kunatsika bambo wowonda, imvi zitayamba, atavala jekete lalikulu kuposa thupi lake. Anandipatsa moni m'Chisenga chochita dzimbiri, ndipo atatsegula pakamwa ndinaona mpata uja.

Ankalondera pamalo ogulitsira zitsulo zakale, kukomboni ina kutali. Ntchito yabwino inamuthera kalekale, mapepala anatha, foni anamubera. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa ndikapeza kanthu ndipita, mpaka manyazi anakula kuposa njira. Tinamukhazika pa ndowa yovundikira, Esinati anamupatsa tiyi ndi buledi, ine ndinamusimbira zonse. Anamvetsera ataweramitsa mutu. Nditamaliza anafunsa motsitsa mawu:

"Manje ine ndinatumiza chiyani?"

"Mapoto atatu, nyale, nsapato, ndi bulangete la nyalugwe."

"La nyalugwe? Ku Kambombo kotentha kuja?"

"Ndinamuuza ine!" anakuwa Esinati.

Tinaseka tonse, iyenso anaseka, mpaka chisekocho chinasanduka kulira, ndipo tinamusiya alire. Atatha anati sangapite chimanjamanja. Esinati anamuyankha kuti katundu wake anatsogola kale, chatsala ndi mwini wake. Yotamu anapukusa mutu.

"Kupita ndipita. Koma amama sindikawanamiza. Ndawanamiza kokwana ndi kukhala chete."

Miyezi yotsalayo a Zimba anamutenga kuti aziwathandiza kukweza zikwama, uku akumuyendetsera za pepala lodutsira pamalire. Malalanje atatha tinanyamuka atatu. Ulendowo unali wautali koma sindinaumve. Yotamu ankaimba, a Zimba akumuwononga ndi besi yawo. Titadutsa Lundazi anasiya kuimba. Titafika ku boma, a njinga anathamangira lole monga mwa nthawi zonse, koma a Zimba anawabweza ndi dzanja.

"Lero yayi, amuna anzanga. Uyu ndikamutula ndekha."

Aka kanali koyamba lole yawo kulowa njira ya ku Kambombo. Tinafika dzuwa lili paliwombo. A NyaLungu anali pakhonde akupeta mpunga. Anayang'ana lole, anayang'ana a Zimba, anayang'ana bambo waimvi amene ankatsika mochedwa ngati mwendo wathyoka. Lichero linagwa, nkhuku n'kuchita phwando. Sanakuwe. Anapita n'kuyamba kumugwira kumaso, m'mapewa, m'manja, ngati akuona ngati chilichonse chilipo. Kukuwa kunayamba ndi amama, amene anabwera akuthamanga chitenje chili m'manja. Tsiku limenelo mudzi sunagwire ntchito.

Ine chimwemwe changa chinali ndi kamunga. Ndinkadziwa kuti Yotamu anena, ndipo sindinkadziwa kuti a NyaLungu achilandira bwanji. Mwina achita manyazi osatiyang'ananso. Amama nawo ndinawaona akusesa pabwalo posesedwa kale.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera, tinamva nyimbo kuchokera kutsidya. Inali kwaya ya amayi, ikubwera ndi njira yaikulu, yodutsa pachitsime, osati yachidule. Patsogolo panali a NyaLungu, opanda nsapato, atasenza chikwama chamizeremizere. Pambuyo pa amayiwo pankabwera Yotamu, ndi anthu onse amene anasiya ndowa zawo kuti aone.

Atafika pabwalo pathu a NyaLungu anatula chikwamacho patsogolo pa amama. Anakweza dzanja, nyimbo inaleka.

"Mumve nonse, makamaka inu a pachitsime! Chikwama ichi anatumiza ndi mwana uyu, kutumizira amake. Ine ndafunda bulangete lake zaka ziwiri, ndayendera nsapato zake, mnzangayu akuona, ali pa patapata, inu mukumuseka. Sananene kanthu. Amene anatchula mwana uyu kuti mtchona abwere anene pano ndimve."



"A NyaLungu, musatero," anatero amama. "Ndinakupatsani ndi mtima umodzi. Sungani."

A NyaLungu anagwada, anatsegula zipi, anatulutsa nsapato zija zitapukutidwa mpaka kuwala. Anagwira phazi la amama, anachotsa patapata, n'kuwaveka okha, yakumanja kenako yakumanzere. Zinalowa mosavuta, phazi la a NyaLungu linali litazikuza kale. Kenako anayang'ana m'mwamba, nkhope yonse ili misozi, akuseka.

"Tengani katundu wanu, anzanga. Wanga anafika dzulo."